Dashibodi ya Lole Yakale: Kukonza Ming'alu, Kupenta ndi Kuiteteza

Kabuku ka eni galimoto, madalaivala ndi mabanja awo a ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma

MAWU OYAMBA

Lole ya pabanja kuno kwathu ilibe tchuthi. Msika wa fodya ukatsegulidwa imasenza mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo. Zokolola zikauma imatuta chimanga, soya ndi mtedza. Tsiku la msika ku Nsaru kapena ku Namitete imanyamula anthu ndi katundu wawo, pamaliro ndi yomweyo, ndipo wina akadwala usiku ndiyo imathamangira ku St Gabriel's kapena ku chipatala cha Kabudula. Zambiri mwa galimotozi ndi Toyota Dyna, Isuzu Elf, Mitsubishi Canter, Nissan Atlas ndi mapikapu a Hilux ndi Hardbody. Zidafika kuno zitagwirako kale ntchito kunja, makamaka ku Japan, ndipo zina zidapangidwa m'zaka za m'ma 1990.

Injini, mabuleki ndi matayala timazisamala chifukwa zikavuta ulendo umathera panjira. Dashibodi timailekerera poti galimoto imayendabe ngakhale itang'aluka. Komatu dashibodi si yokongoletsa chabe. Ndiyo imagwira mageji, masiwichi, mawaya ndi timipata totulutsa mpweya wochotsa nthunzi pagalasi nthawi ya mvula. Ikasweka, mageji amagwedera, mawaya amakhuzana ndi chitsulo, fumbi ndi makoswe zimapeza polowera. Geji yosonyeza kutentha kwa injini ikafa chifukwa waya wake wasololoka, mukhoza kuwotcha injini musakudziwa.

Dashibodi yatsopano ya galimoto zakalezi ndi yosowa, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Kabuku kano kakuthandizani kukonza yomwe muli nayoyo pakhomo panu. Mfundo yake ndi imodzi: mphamvu ya dashibodi imabwezeredwa kuseri kwake, ndipo penti amabwera pomaliza. Kupenta pamwamba pa ming'alu ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

1. CHIMENE CHIMAIWONONGA

Kutentha. Boma la Lilongwe lili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kumapeto kwa October ndi pakati pa February dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Galimoto ikatsekedwa n'kusiyidwa padzuwa, dashibodi yakuda imatha kutentha kupitirira madigiri 70. Malole athuwa ali ndi galasi lalikulu lomwe lili pamwamba pa dashibodi pomwepo, choncho kutentha konse kumathera pa iyo. Usiku wa June ndi July kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsika apo. Pulasitiki amafufuma masana, usiku n'kufota, tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri.

Kuuma kwa pulasitiki. M'chikopa chofewa cha pamwamba pa madashibodi ena muli mankhwala ofewetsa. Kukatentha, mankhwalawo amatuluka pang'onopang'ono. Mukaona kankhungu kamafuta m'kati mwa galasi lakutsogolo, kobwereranso mukapukuta, dziwani kuti kena mwa iko kakuchokera m'dashibodi. Pulasitiki wolimba naye cheza cha dzuwa chimamutuwitsa: mukakanda ndi chikhadabo pamatsala mzere woyera ndi kaufa.

Kugwedezeka. Dzuwa limaumitsa, koma chothyola ndi msewu. Misewu yafumbi yolowera m'midzi ili ndi mabampu ndi maenje, ndipo sikuluwu imodzi ikasowa, kulemera konse kumatsamira pa zotsalazo mpaka timakutu tomangirapo tithyoke.

Manja athu omwe. Masipanala oponyedwa padashibodi, miyendo ya wothandizira atakhala mwa phee paulendo, mawondo a anthu anayi othithikana kutsogolo, mabowo oboola ndi msomali pomangirira wailesi. Palinso zopakapaka: mafuta a mabuleki, oyilo wakutha, mafuta ophikira ndi polishi wa pansi. Zimawala tsiku limodzi, kenako zimakoka fumbi, ndipo mafuta a mabuleki amadya penti ndi kufooketsa pulasitiki.

2. KUKONZA KAPENA KUSINTHA?

Musanagule chilichonse, iyeseni. Dinani ndi chala chachikulu m'malo osiyanasiyana, ndipo pindani pang'ono m'mphepete mobisika.

Ikhoza kukonzeka ngati ming'alu ili yowerengeka, zidutswa zothyoka zilipo, ndipo pulasitiki akupindika pang'ono osathetheka.

Yatha ntchito ngati ikunyenyeka mukangoigwira, kapena ngati pomangira ponse pathyoka. Yotereyi mukamata apa, ing'aluka apo. Ndi bwino kukafunafuna ina kwa ophwasula galimoto zakale mumzinda wa Lilongwe, monga ku Biwi Triangle ndi kumbali ya Malangalanga. Tengani chithunzi cha yanuyo ndi nambala ya chasisi, chifukwa Dyna kapena Canter ya chaka china imasiyana ndi inzake. Yogulayonso iyeseni ndi chala musanalipire, popeza mwina nayo yakhalitsa padzuwa.

3. DZIWANI MTUNDU WA PULASITIKI

Apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Guluu wogwira pulasitiki wina sagwira pa mnzake. Tembenuzani chidutswa chilichonse chomwe mwamasula, monga chitseko cha kabokosi kosungiramo mapepala, muyang'ane kuseri. Opanga galimoto ambiri adadindapo zilembo.

PP, kapena PP yotsatana ndi zilembo zina monga PP-TD20. Uyu ndi pulasitiki woterera, wopindikako. Guluu wamba samugwira. Amalumikizika pomusungunula ndi chitsulo chamoto.

ABS, kapena PC+ABS. Ndi wolimba, amalira kuti khokhokho mukagogoda, ndipo amathyoka mwakuthwa. Amalola guluu, komanso amasungunuka ndi asitoni.

Chikopa chofewa chokhala ndi siponji pansi pake. Chikopacho nthawi zambiri ndi PVC. Ichi sichiwotchedwa.

Ngati palibe zilembo, donthezani kadontho ka asitoni kuseri pobisika. Asitoni amapezeka m'masitolo a zomangira, komanso m'mankhwala ena ochotsera utoto wa m'zikhadabo, werengani pabotolo. Pakapita kamphindi, gwirani ndi kamtengo. Pakanata, ndi ABS. Pakangouma osasintha, ndi PP. Yesani chigawo chilichonse pachokha, chifukwa dashibodi imodzi imatha kukhala ndi mitundu iwiri kapena itatu.

4. ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

- Masikuludiraiva ndi masipanala ang'onoang'ono, makamaka wa nambala 10
- Sopo wotsukira mbale, ndowa, kaburashi ndi nsanza zoyera
- Sipiriti wofiirira uja wa m'masitolo a zomangira
- Sandipepa wa nambala 80, 180 ndi 400
- Chowotcherera cha okonza mawailesi. Komwe kulibe magetsi, sikuludiraiva yakutha yotenthetsa pambaula
- Gozi waya wachitsulo wa m'mawindo, kapena timawaya topyapyala
- Guluu wosakaniza machubu awiri, monga wa Pratley, ndi supagulu
- Tepi ya pepala ndi nyuzi zakale
- Pulaimala wa pulasitiki ndi penti wopopera wosawala
- Malegeni, magulovu ndi chotchinga pamphuno
- Thireyi ya mazira yosungiramo masikuluwu

Penti ndi pulaimala wa pulasitiki sapezekapezeka m'masitolo a kumudzi. Gulirani limodzi tsiku lomwe mwapita ku Lilongwe, ndipo werengani pachitini kuti alembapo zoti ndi wa pulasitiki.

5. KUMASULA DASHIBODI

Mng'alu waung'ono ukhoza kukonzedwa dashibodi ili pomwepo, koma ntchito yolimba imafuna kuti mufike kuseri.

1. Imikani galimoto pamthunzi, pamalo osalala. Chigafa chopanda fodya ndi malo abwino, bola musayatsemo moto.
2. Chotsani waya wa batire wa mbali ya minasi. Malole ambiri a dizilo ali ndi mabatire awiri olumikizana opereka mavoti 24. Chotsani waya wopita kuchitsulo cha galimoto.
3. Ngati galimoto ili ndi airbag, dikirani mphindi khumi mutachotsa batire. Mawaya ake amakhala ndi zolumikizira zachikasu. Musawakhudze, ndipo mbali imeneyo musiyireni makaniko wodziwa za magetsi a galimoto.
4. Jambulani ndi foni musanazule chilichonse. Waya aliyense mumatepo katepi, mulembepo komwe wachokera.
5. Masulani kuyambira tizigawo ta kunja: zotchingira chiwongolero, kabokosi, wailesi, kenako mageji. Pagalimoto zakale sipidomita imayendera chingwe cholowa kuseri kwake. Chimasuleni ndi dzanja, musakoke mageji mwamphamvu.
6. Masikuluwu a chigawo chilichonse akhale m'dzenje lakelake m'thireyi ya mazira.
7. Dashibodi ikakana kutuluka, ndiye kuti pali sikuluwu yomwe simudaione, kawirikawiri m'munsi mwa galasi kapena m'timipata ta mpweya. Musakanule ndi chitsulo. Ponyamula mukhale awiri.

Masulani dzuwa litakwera, pulasitiki atafundako. M'mawa wozizira timakutu timathyoka msanga.

Poti mwatsegula kale, yang'anani mawaya. Galimoto yonyamula chimanga ndi mtedza imaitana makoswe, ndipo kuseri kwa dashibodi ndi komwe amakonda kumanga zisa. Sesani zisazo, ndipo waya wotafunidwa alumikizidwe bwino ndi kukulungidwa.

6. KUTSUKA

Guluu ndi penti sizigwira pa mafuta. Dashibodi yomwe yakhala ikupakidwa polishi wa m'chitini ili ndi silikoni wolowerera, yemwe amachititsa penti kuthawa n'kusiya timaso ting'onoting'ono.

Tsukani mbali zonse ziwiri ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, mukukwecha ndi kaburashi m'timizere monse. Tsukuluzani, kenako bwerezani kawiri kapena katatu. Kuti mudziwe ngati yayera, thirani madzi: akayala ponseponse, yayera, akaundana timadontho, mafuta akadalipo. Pa PP madzi amaundanabe ngakhale atayera, choncho pamenepo pukutani ndi nsanza yoyera muone ngati ikuda. Iume pamthunzi tsiku lonse, kenako pukutani ndi sipiriti.

Petulo, parafini ndi thina musayese. Thina amasungunula ABS, pomwe petulo ndi parafini zimasiya mafuta. Kagalasi ka mageji nako ndi pulasitiki: asitoni kapena thina akakagwera, kamachita khungu osayeranso. Kapukuteni ndi madzi a sopo ndi nsanza yofewa basi.

7. KUKONZA MING'ALU

Choyamba pa mng'alu uliwonse, pezani pomwe wathera. Yang'anitsitsani powala, chifukwa umapitirira pang'ono kuposa pomwe maso akuonera. Pansonga pakepo boolani kabowo ka mamilimita awiri kapena atatu ndi msomali wamoto. Kabowoko kamaletsa mng'alu kuyenda. Kenako lumikizani milomo ya mng'aluwo kuti ifanane, ndipo matani tepi mbali yooneka kuti isasunthe. Ntchito yolimbitsa mng'alu ichitikire kuseri.

Ngati ndi PP

Luso lake ndi lomwe lija la okonza mabeseni ndi ndowa zong'aluka pamsika. Ngati simudagwirepo, yambani mwayeserera pabeseni lakutha, kapena itanani mmisiri woteroyo adzakuthandizeni.

1. Palani kuseri m'mbali mwa mng'alu ndi mpeni kapena sandipepa wa 80 mpaka pulasitiki wabwino aonekere. Wotuwa uja sagwirana.
2. Dulani timizere topyapyala ta pulasitiki wa mtundu womwewo. Wabwino ndi wa bampala yakutha kapena chigawo china cha galimoto cholembedwa PP. Ziwiya za pakhomo zokhala ndi nambala 5 pansi pake ndi PP. Zigubu za mafuta ophikira nthawi zambiri ndi nambala 2, ndipo sizigwirana bwino ndi PP.
3. Ndi nsonga ya chitsulo chamoto, gwirizanitsani mng'alu m'malo angapo motalikirana ndi chala chimodzi, kuti usasunthe.
4. Yendetsani chitsulo mumng'alu kupanga kangalande kofika theka la kuchindikala kwa pulasitiki.
5. Sungunulirani kamzere kaja m'kangalandemo, mukusakaniza ndi makoma ake. Pulasitiki watsopano akangogona pamwamba osasakanikirana ndi wakale, amamatuka.
6. Dulani gozi waya wopingasa mng'alu ndi zala ziwiri mbali iliyonse. Mukanikizeni ndi chitsulo mpaka amire, koma asatulukire mbali yooneka. Phimbani ndi pulasitiki wina.
7. Siyani zizizire zokha. Musathire madzi.

PP amasungunuka pa madigiri pafupifupi 165, choncho safuna moto wambiri. Chitsulo cha pambaula chisafike pofiira. Pulasitiki akanyezimira ndi kufewa, moto wakwana. Akafuka utsi kapena kuchita thovu, mwapsereza ndipo pamenepo padzathyokanso. Kuseri kukalimba, chotsani tepi, mudzaze mzere wa kutsogolo ndi pulasitiki pang'ono, mukwechepo ndi sandipepa wa 180.

Ngati ndi ABS

Njira yolimba ndi phala la pulasitiki yemweyo. Dulani tizidutswa ta ABS, tiikeni m'botolo lagalasi la chivundikiro chachitsulo, thirani asitoni wongomiza tizidutswato, tsekani, mudikire usiku umodzi. Pakani phalalo kuseri kwa mng'alu mopyapyala, ikani gozi waya, pakaninso. Gawo lililonse liume lisanalandire linzake, ndipo pomaliza dikirani tsiku lathunthu. Mukapaka lochindikala nthawi imodzi, pansi pake sipauma ndipo dashibodi imapindika.

Popanda asitoni, kwechani kuseri ndi sandipepa wa 80, pakani guluu wa machubu awiri, mugonekemo gozi waya kapena kansalu kolimba.

Supagulu wothira soda wophikira amauma nthawi yomweyo n'kulimba gwa. Ndi wabwino podzaza timing'alu ndi timabowo ta kutsogolo, koma payekha sapirira mabampu. Kuseri kumafunikabe chochirikiza. Amatentha pouma, choncho asakhudze khungu kapena thonje, ndipo mpweya wake umayeretsa kagalasi ka mageji kakakhala pafupi.

Timakutu tomangira tothyoka

Tikonzeni tonse, ngakhale tobisika, chifukwa ndito timanyamula dashibodi. Dulani kachitsulo kopyapyala ka lata, pindani mofanana ndi khutu lothyokalo, boolani timabowo tingapo mbali yogona papulasitiki, ndipo kamizeni m'pulasitiki wosungunula kapena m'guluu kuti zilowe m'timabowomo. Pindani m'mphepete mwa latalo kuti lisacheke mawaya.

Ngati ndi chikopa chofewa

Dulani milomo yopindikira m'mwamba ndi lumo, kokolani siponji yofumbutuka, mudzazemo siponji ina yolimba kuti pafanane. Pate wa owongola mabodi a galimoto ndi wouma, ndipo pachikopa chofewa amang'aluka m'mphepete. Ming'alu ikachuluka, njira yokhalitsa ndi kukuta pamwamba ponse ndi chikopa chatsopano chosawala kwa osoka mipando ya galimoto. Auzeni agwiritse ntchito guluu wopirira kutentha, ndipo m'mphepete apindire kuseri ndi kumangako, chifukwa guluu wamba wa nsapato amalekerera dzuwa la October likafika. Pachivundikiro cha airbag pasakutidwe, pasamatidwe, pasapentedwe.

8. KUPENTA

Sankhani penti wakuda kapena wotuwa wosawala. Penti wonyezimira kapena wowala mtundu amaoneka m'galasi lakutsogolo ndi kuphimba msewu, makamaka madzulo mukamachokera ku Lilongwe kulowera ku Mpingu ndi Namitete, dzuwa lili kumaso. Penti wa oyilo wa zitseko ndi mawindo sayenera: pa PP amasupuka, ndipo pachikopa chofewa amakhala akunata osauma.

1. Kwechani ponse pang'onopang'ono ndi sandipepa wa 400, kungochotsa kunyezimira ndi kaufa kaja. Musafafanize timizere ta pulasitiki.
2. Tsukani fumbi, umitsani, pukutani ndi sipiriti. Kuyambira apa musagwirenso ndi manja opanda magulovu.
3. Phimbani ndi tepi ndi nyuzi zonse zosafunika penti: zizindikiro za masiwichi, timagetsi tochenjeza ndi nambala zilizonse zodindidwa.
4. Wazani madzi pansi kuti fumbi lisabuke.
5. Yesani penti kuseri pobisika. Pulasitiki akakwinyika kapena kufewa, penti ameneyo ndi waukali, musapitirize.
6. Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri. Poperani pulaimala mopyapyala, chitini chili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30. Pa PP pulaimala wa pulasitiki ndi wosadumphika. Tsatirani nthawi yodikira yolembedwa pachitini.
7. Poperani penti katatu kapena kanayi mopyapyala, mukudikira mphindi 10 mpaka 15 pakati. Ulendo woyamba pulasitiki azionekerabe pansi. Musakakamize kuti ade nthawi imodzi. Dzanja liziyenda musanadine ndipo lipitirire mutasiya kudina.
8. Pomwe mudakonza pamakhala posalala kusiyana ndi ponse. Ulendo womaliza poperani muli patali pang'ono, masentimita 40 mpaka 50, kuti penti agwe mwa timchenga n'kubisa kusiyanako.
9. Siyani pamthunzi, popita mphepo koma popanda fumbi, masiku awiri kapena atatu musanaibwezere. Musaitsuke kapena kuiphimba mpaka sabata ithe.

Kuti mudziwe ngati penti wagwira, chekani timizere topingasana ndi lumo pamalo oyeserera aja patatha masiku awiri, matani tepi, muzule mwamphamvu. Penti akatsatira tepi, ndiye kuti kutsuka kapena pulaimala sizidakwane.

Ena amadutsitsa lawi la moto papulasitiki wotuwa kuti ade. Amadadi kwa miyezi yochepa, koma amauma kuposa kale. Musatengere zimenezo.

Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi kumapeto kwa August ndi mu September, msika wa fodya utapepuka, kututa feteleza kusanayambe. Poperani m'mawa dzuwa litatuluka, mphepo ndi akamvulumvulu asanadzuke. Nthawi ya dzinja chinyezi chimachititsa penti kutuwa ndi kuchedwa kuuma.

9. KUBWEZERA

Dulani timawashala ta legeni, muike pansi pa sikuluwu iliyonse ndiponso pomwe pulasitiki akukhudzana ndi chitsulo. Lowetsani masikuluwu onse momasuka kaye, kenako mangani limodzilimodzi ndi dzanja. Sikuluwu ikangogwira, lekani. Kufinya kwambiri ndi komwe kumayambitsa mng'alu watsopano. Yosowa igulidwe ya msinkhu womwewo, chifukwa yaitali imaboola mawaya kuseri.

Musanatseke zonse, bwezerani batire ndipo yesani mageji, timagetsi ta oyilo ndi batire, ma indiketa, mawaipa, hutala ndi mpweya wa pagalasi. Fyuzi ikapsa, pali waya wolakwika. Musaikepo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwake, chifukwa ndi momwe galimoto zimayakira moto.

Ngati mutu wa lole ukugwedezeka kwambiri, makaniko aone mphira zomwe mutuwo umakhalira. Zikatha, dashibodi yokonzedwa bwino imang'alukanso.

10. KUITETEZA

Mthunzi ndiwo mankhwala otsika mtengo kuposa onse. Pakhomo mangani kashedi ka udzu kapena malata kokwana mutu wa lole. Pamzere wodikira kutsitsa katundu, pamsika kapena pamaliro, imikani galimoto mofulatira dzuwa ngati malo alola.

Phimbani galasi kunja. Katoni, mkeka kapena thumba loyera lopanikiza ndi mawaipa limatchinga kutentha kusanalowe. Pamalo otetezeka tsitsani magalasi a m'mbali pang'ono kuti mpweya wotentha utuluke.

Sokani chofunda cha dashibodi. Telala aliyense akhoza kusoka kuchokera ku nsalu yochindikala yakuda kapena yotuwa. Jambulani kaye maonekedwe a dashibodi panyuzi, mudule mabowo a timipata ta mpweya. Chimangidwe bwino kuti chisaterereke n'kugwera pachiwongolero kapena kumapazi. Chitenje cha maluwa owala chimaoneka m'galasi, choncho sichiyenera. Pomwe pali airbag pasaphimbidwe.

Padashibodi si posungira katundu. Mutu wa Canter, Elf kapena Dyna zambiri umapendekera kutsogolo pokonza injini, ndipo sipanala yoiwalika pamwamba imagwera pagalasi n'kuliswa. Foni, pawabanki, laita ya gasi ndi zitini zopopera zikhoza kufufuma kapena kuphulika ndi kutentha. Mabotolo a mankhwala a fodya ndi a chimanga asakwere kutsogolo n'komwe.

Pukutani ndi nsanza yonyowa kamodzi pasabata. Ngati mukufuna kupaka china, gulani mankhwala a dashibodi osawala, olembedwa kuti amateteza ku dzuwa.

Sesani njere za chimanga, mtedza ndi nyenyeswa za zakudya m'mutu wa galimoto tsiku lililonse, ndipo musaimike lole moyandikana ndi nkhokwe.

Mukamva kulira kwachilendo m'dashibodi, funani sikuluwu yomasuka tsiku lomwelo. Kang'alu katsopano kabooleni kunsonga kasanatalike.

11. SAMALANI MOYO WANU

- Wotcherani ndi kupopera pamalo opita mphepo, mphepoyo ikuchokera kumsana kwanu. Utsi wa pulasitiki umawononga mapapo, ndipo wa PVC ndi siponji ndi woopsa kwambiri.
- Asitoni, sipiriti ndi penti wopopera zimayaka msanga. Mbaula ikhale kutali, ndipo tsiku lowotcherera lisakhale lomwelo lopenta. Wosuta asutire kwina.
- Ana akhoza kuthandiza kutsuka ndi kusunga masikuluwu, koma powotcherera ndi popenta atalikire. Amayi oyembekezera ndi odwala mphumu asayandikire.
- Supagulu akamata zala, ziviikeni m'madzi ofunda a sopo, musakanule. Mankhwala akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala.
- Zitini zotha musaponye pamoto kapena kuziboola. Botolo la asitoni lilembedwe dzina ndi kusungidwa posafikira ana.

12. MAFUNSO OMWE AMBIRI AMAFUNSA

Kodi ndingapente osamasula dashibodi?
Mukhoza, ngati ilibe ming'alu yofuna kufika kuseri. Phimbani galasi lonse m'kati, mageji, chiwongolero ndi mipando, ndipo tsegulani zitseko zonse. Dziwani kuti m'munsi mwa galasi chitini sichifika bwino.

Ndidamata ndi supagulu koma padamatuka. Chidalakwika n'chiyani?
Kawirikawiri ndiye kuti pulasitikiyo ndi PP, kapena padali polishi. Palani guluu yense wakaleyo musanawotcherere, chifukwa akapsa amatulutsa mpweya wolasa m'maso.

Nanga kusoka ndi waya?
Kumagwira kwa kanthawi mukakhala paulendo, koma bowo lililonse losokera limatha kuyambitsa mng'alu wina. Mukafika pakhomo konzani moyenera.

Kodi chidutswa chikasowa, bowo lingatsekeke?
Inde. Dulani chigamba cha pulasitiki wa mtundu womwewo, chifewetseni ndi madzi owira kapena pafupi ndi moto kuti chipindike mofanana, ndipo chilumikizeni kuseri monga tafotokozera m'gawo 7.

Ndi liti pofunika mmisiri?
Ngati mwapeza mawaya opserera, ngati fyuzi ikupsa mobwerezabwereza, ngati geji yakana kugwira mutabwezera, kapena ngati galimoto ili ndi airbag, itanani wodziwa magetsi a galimoto. Lole isanyamule katundu kapena anthu geji ya kutentha ndi kagetsi ka oyilo zisanayambe kugwira ntchito.